Ndalama za kafukufuku: kumene zili, ndi zimene zimagwetsa mapempho a kuno ku Tete

Mphunzitsi wa pa yunivesite amalipidwa chifukwa chophunzitsa, koma ikafika nthawi yokwezedwa pa ntchito amamufunsa za kafukufuku: wasindikiza nkhani zingati, m'magazini ati a sayansi, watsogolera ophunzira angati a mestrado. Kafukufukuyo amadya ndalama zimene malipiro a pamwezi sangakwanitse. Mafuta a galimoto yopita ku Furancungo ndi kubwerako, mankhwala a mu labotale, achinyamata ofunsa mafunso m'midzi, zonsezi zimafuna thumba lina. Matumbawo alipo. Chimene ndikufuna kuuza anzanga a m'masukulu a ukachenjede a UniZambeze, ISPT, UniPúnguè ndi UCM n'chakuti pempho lochokera kuno siligwa kawirikawiri chifukwa choti mwini wake alibe nzeru. Limagwa pa mapepala ofika mochedwa, pa bajeti yosagwirizana ndi ntchito, ndi pa kalendala yoiwala mvula.

Khomo loyamba kugogoda ndi la m'dziko mwathu momwe muno. Fundo Nacional de Investigação, imene tonse timangoti FNI, inakhazikitsidwa m'chaka cha 2005 kuti izipereka ndalama za kafukufuku mwa mpikisano. Imatulutsa edital, chilengezo choitanira mapempho, pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo edital iliyonse imanena nkhani zimene ikufuna, malire a ndalama, kutalika kwa pulojekiti ndi maphunziro amene wotsogolera ayenera kukhala nawo. Zimenezi zimasintha chaka ndi chaka, choncho musalembe pempho potengera edital yakale imene mnzanu anasunga pa kompyuta yake. Ubwino wa FNI kwa munthu woyamba kumene ndi woti mumalemba m'Chipwitikizi, mumawerengera m'meticais, ndipo mukupikisana ndi anthu a dziko limodzi. Wamaliza bwino pulojekiti imodzi ya FNI amakhala ndi choonetsa akamapita kwa akunja, chifukwa akunjawo funso lawo loyamba ndi lakuti: munagwirapo ndalama za ena n'kuzilongosola?

Musasokoneze FNI ndi matumba ena awiri. Fundo de Desenvolvimento Institucional imathandiza sukulu yonse, monga kukonza labotale kapena kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo wopempha ndi sukuluyo, osati munthu payekha. Instituto de Bolsas de Estudo ndi ya bolsa zophunzirira. Wofuna kukachita doutoramento apite kumeneko. Wofuna kuyesa mbewu m'munda asataye nthawi yake.

Kunja kuli zambiri, koma chilichonse chili ndi mwini wake. TWAS, bungwe la sayansi la ku Trieste ku Italy, imapereka ndalama kwa asayansi a maiko osauka, Mozambique ili momwemo, zogulira zipangizo ndi mankhwala a mu labotale pa biology, chemistry, masamu ndi physics. Siyilipira malipiro, ndipo imafuna munthu wa doutoramento. Amayi amene ali ndi doutoramento pa sayansi ndipo sipanathe zaka 10 chiilandirireni ayang'ane OWSD Early Career Fellowship, imene imafika madola 50,000. Ndikunena izi motsindika, chifukwa aphunzitsi achimayi oyenera thumba limeneli alipo pakati pathu ndipo ambiri salidziwa. A zaulimi ali ndi RUFORUM ya ku Kampala, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa, imene ndalama zake zimapita ku mayunivesite amene ndi mamembala, ndipo imakonda pulojekiti yophunzitsa ana a mestrado. Funsani ku reitoria ngati sukulu yanu inalowa. A zaumoyo ali ndi EDCTP, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya ndi a mu Africa pa kafukufuku wa matenda, imene Mozambique ndi membala wake ndipo Pascoal Mocumbi, nduna yaikulu yakale ya dziko lino, anaitumikira pa udindo waukulu. Palinso Wellcome ndi Africa Research Excellence Fund, imene imaphunzitsanso kalembedwe ka mapempho. Wofufuza za nkhalango za miyombo ku Marávia kapena nyama za ku Mágoè ayambe ndi Rufford Foundation, imene ndalama zake ndi zochepa koma fomu yake ndi yaifupi. Ku Portugal, Fundação Calouste Gulbenkian ndi Fundação para a Ciência e a Tecnologia (FCT) zakhala zikuthandiza kafukufuku wa maiko a mu Africa olankhula Chipwitikizi, ndipo kumeneko chilankhulo chili mbali yathu.

Horizon Europe, pulogalamu ya kafukufuku ya European Union, ndi nkhani ina. Mozambique imaloledwa kulandira ndalama zake, koma simungalowe nokha: gulu lopempha limafuna mabungwe osachepera atatu a m'maiko atatu osiyana a European Union kapena ogwirizana nayo, inu mumalowa monga mnzawo. Chimene mungachite lero ndi kufunsa ngati yunivesite yanu ili ndi nambala ya PIC, imene bungwe limapatsidwa likalembetsa ku European Union, chifukwa popanda nambalayo dzina la sukulu silingalembedwe pa fomu.

Ogwira ntchito osaphunzitsa asadzione ngati nkhaniyi si yawo. Woyang'anira laibulale ndiye amalembetsa sukulu ku Research4Life, kumene mabungwe a ku Mozambique amawerenga ulere magazini ambiri a sayansi kudzera mu Hinari ndi AGORA. Wa zachuma ndiye adzasaina lipoti la ndalama. Erasmus+ imalola ogwira ntchito za mu ofesi ndi a mu labotale kupita kukaphunzira ntchito masiku ochepa ku yunivesite ya ku Ulaya imene ili pa mgwirizano ndi yanu, ndipo SARIMA imaphunzitsa kasamalidwe ka ndalama ndi mapangano a kafukufuku m'chigawo chino cha kummwera kwa Africa. Técnico wa mu labotale alembedwe m'pempho ndi dzina ndi ntchito yake, chifukwa ounika mapempho amafuna kudziwa amene adzagwire makinawo inu muli m'kalasi.

Edital zambiri zimapereka masabata ochepa chabe. Amene amayamba kusonkhanitsa mapepala edital itatuluka amakhala atachedwa kale. Khalani ndi foda imodzi yokonzeka chaka chonse: CV ya masamba awiri m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, nambala ya ORCID yozindikiritsa wofufuza, imene imatengedwa ulere pa intaneti, makope a madipuloma ndi équivalência yake ngati munaphunzira kunja, BI ndi pasipoti zosatha ntchito, NUIT ya sukulu, dzina lenileni la akaunti ya banki ya sukulu, ndi tsamba limodzi lofotokoza funso la kafukufuku wanu. Chovuta kwambiri ndi kalata yovomereza ya akuluakulu a sukulu. Faculdade de Ciências Agrárias ili ku Ulongué ndipo Faculdade de Ciências de Saúde ili mumzinda wa Tete, koma reitoria ya UniZambeze ili ku Beira. Ya UCM ilinso ku Beira, ya UniPúnguè ili ku Chimoio. Kalata imadutsa kwa mkulu wa dipatimenti, kwa director wa faculdade, kenako ku reitoria, ndipo aliyense wa iwowa angathe kukhala pa ulendo. Pemphani kalatayo tsiku lomwe mwaona edital, mulembe nokha mawu ake kuti iwo angokonza ndi kudinda, ndipo muipatse masabata awiri kapena atatu.

Werengani edital kawiri musanalembe chiganizo ndi chimodzi chomwe. Ulendo woyamba funani chimene chingakuletseni kulowa: zaka zakubadwa, digiri, mtundu wa kontrakiti yanu ya ntchito, dziko. Pempho lolephera pamenepa silifika ngakhale pamaso pa ounika, limachotsedwa ndi wa mu ofesi. Ulendo wachiwiri funani tebulo la mamarikisi. Ngati njira zofufuzira zili ndi 30 pa 100 ndipo mawu oyamba ali ndi 10, musadzaze masamba anayi ndi mbiri ya ulimi wa m'dziko n'kusiyira njirazo theka la tsamba. Malire a masamba, kukula kwa zilembo ndi dzina la fayilo zitsateni monga zalembedwera.

Funso la kafukufuku likhale laling'ono ndi lakuthwa. "Kutukula ulimi wa chimanga m'chigawo cha Tete" si funso, ndi ntchito ya boma ya zaka makumi. Funso ndi ili: kodi kubzala chimanga pamodzi ndi nyemba kumachepetsa bwanji kuonongeka kwa masamba ndi ntchemberezandonda m'minda ya alimi a ku Dómuè, poyerekeza ndi chimanga chobzalidwa chokha? Ili lili ndi malo, choyeza ndi choyerekezera. Mboziyi inafika m'dziko muno cha mu 2017, ndipo mlimi aliyense wa ku Angónia akuidziwa. Pamenepa m'pamene ife a kuno tili ndi mwayi umene a ku Maputo alibe. Fumbi la malasha m'mabairro a ku Moatize, moyo wa mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme, usodzi wa kapenta pa Cahora Bassa, chiwawu cha mbatatesi ku Tsangano, chuku m'chimanga ndi mtedza wosungidwa m'nkhokwe: zonsezi zili pakhomo pathu, ndipo timatha kulankhula ndi eni ake m'Chichewa kapena m'Chinyungwe popanda womasulira. Lembani zimenezo m'pempho poyera, chifukwa woliunika ali kutali ndipo sangazidziwe yekha.

Kalendala ndi pamene ndimaona mapempho abwino akudzikola okha. Chimanga cha ku Angónia chimabzalidwa mvula ikakhazikika, kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Ngati pulojekiti ya miyezi 12 yayamba pa pepala mu Okutobala koma ndalama zalowa mu Januwale, nyengo yapita, ndipo mudzafika mwezi womaliza mulibe chokolola choti muyeze. Pemphani kuti ntchito iyambe mu Juni kapena Julayi, kuti mbewu, feteleza, zikhomo ndi zingwe zikhale zitagulidwa pofika Okutobala. Ngati edital ikulola, pemphani miyezi 24, pakuti zotsatira za nyengo imodzi pa malo amodzi magazini abwino a zaulimi sazikhulupirira. Ngati sikulola, ikani minda yoyesera m'malo atatu kapena anayi osiyana dothi. Kumbukiraninso kuti nthawi yobzala imagundana ndi mayeso a kumapeto kwa chaka ndi ma defesa a ophunzira. Nenani m'pempho amene adzakhale kumunda masabata amenewo.

Wofunsa mafunso m'midzi apewe Disembala mpaka Febuluwale. Anthu amakhala kumunda kuyambira m'mamawa, ndipo misewu yadothi ya ku Macanga, Chifunde ndi Tsangano imavuta kudutsa. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala anthu amapezeka pakhomo, kupatula masiku a msika. Woyeza fumbi ku Moatize afunika miyezi ya chilimwe ndi ya dzinja yomwe, apo ayi sadzatha kunena ngati chimene wapeza ndi cha mgodi kapena cha mphepo ya mu Seputembala. Wotenga magazi kapena madzi aganizire kutentha kwa mzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40: bokosi lozizira, ayezi ndi firiji yokhala ndi magetsi apadera zilembedwe mu bajeti, chifukwa zoyeza zikawonongeka panjira ndalama zokatengera zina sizidzapezeka.

Bajeti siyambira pa malire a ndalama amene alengezedwa. Imayambira pa ntchito, kenako n'kuwerengera. Tiyerekeze kuti mukufuna kufunsa mabanja 300. Muli ndi ofunsa 6, ndipo aliyense amamaliza mabanja 5 pa tsiku ngati mafunso satenga nthawi yopitirira ola limodzi. Ndiye kuti mabanja 30 pa tsiku, masiku 10. Onjezani masiku 3 ophunzitsa ofunsawo ndi kuyesa mafunso m'mudzi umene suli m'kafukufuku, ndi masiku 2 otayika chifukwa cha maliro kapena galimoto kuwonongeka. Akwana masiku 15. Anthu 6 kwa masiku 15 ndi malipiro 90 a tsiku. Dalaivala ndi woyang'anira akuwonjezera 30. Mafuta nawo chimodzimodzi: kuchokera mumzinda wa Tete kudzera ku Moatize ndi Mussacama mpaka ku Ulongué ndi makilomita opitirira 200, kubwerera enanso otero, kuphatikiza kuzungulira m'midzi tsiku ndi tsiku. Ulendo wonse ukakwana makilomita 1,500 pa galimoto yomwa malita 12 pa makilomita 100, ndi malita 180. Lembani masamu amenewa pansi pa mzere uliwonse. Wounika akaona "transporte" ndi nambala yozungulira yopanda chochokera amaidula, koma akaona makilomita ndi malita alibe pogwira.

Zoiwalika ndi zomwezomwezo nthawi zonse. IVA, imene ili pa 16 peresenti kuyambira mu 2023, ndipo factura pró-forma zina zimabwera popanda iyo. Eni ndalama ena salipira msonkho, choncho funsani musanatumize. Chipangizo chochokera kunja chili ndi mtengo wa sitima kapena ndege, wa despachante, wa kasitomu ndi wochinyamula kuchokera ku Beira kapena ku Maputo kufika kuno. Ndalama zimene banki imadula. Malipiro a komiti ya bioética. Intaneti ya m'mafoni ngati mafunso ali pa KoboToolbox, pulogalamu yolembera mayankho pa foni, ndi mabatire apadera kumene kulibe magetsi. Ajudas de custo, ndalama za tsiku za pa ulendo, ziwerengedwe pa mlingo umene malamulo a boma kapena a sukulu yanu amalola, osati umene mwagwirizana pakamwa. Palinso gawo la sukulu, lolipirira magetsi, ofesi ndi ntchito ya a zachuma: Horizon Europe imaika 25 peresenti, Wellcome imalola mpaka 20 peresenti kwa mabungwe a m'maiko ngati lathu, ena salola kalikonse. Gwirizanani ndi akuluakulu a sukulu za gawoli musanatumize, kuti lisadzadulidwe pa ndalama za kumunda pambuyo pake.

Kafukufuku wokhudza anthu, ngakhale wa mafunso okha a zaumoyo, amafuna chilolezo cha komiti ya bioética ya sukulu kapena cha Comité Nacional de Bioética para a Saúde. Yankho limatha kutenga miyezi, ndipo kawirikawiri limabwera ndi zoti mukonze, choncho miyezi itatu yoyambirira ya kalendala musaikemo ntchito ya kumudzi. Pepala lopempha chilolezo cha wofunsidwa limasuliridwe m'Chichewa chimene mayi wa ku Mpenha angamve chikuwerengedwa mokweza, pakhale malo a chidindo cha chala ndi a mboni kwa osalemba, ndipo kwa ana pakhale chilolezo cha kholo. Kenako pamabwera credencial, kalata yokulolani kugwira ntchito kuderalo: ku chigawo, ku boma la distrito kudzera ku ofesi yoona zaulimi (SDAE), zaumoyo (SDSMAS) kapena zamaphunziro (SDEJT) malinga ndi nkhani yanu, kwa chefe do posto, ku localidade, mpaka kwa amfumu ndi anyakwawa. Ulendo wokadziwitsa anthu amenewa ndi wapadera, uli ndi mafuta ake ndi masiku ake. Amene amafika m'mudzi ndi ofunsa tsiku lomwelo lodziwitsa amabwerako ndi mafomu opanda kanthu.

Za anzathu ogwira nawo ntchito, tisamangoyang'ana ku Maputo ndi ku Lisboa. Kuchokera ku Ulongué, kudutsa pa Calómuè kulowa Dedza, sukulu ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda ndi malo a kafukufuku a Chitedze ali pafupi kuposa mzinda wa Tete. Dothi, mbewu, matenda ndi chilankhulo n'zofanana mbali zonse za malire. FNI ndi mabungwe onga iyo, NCST ya ku Malawi ndi NSTC ya ku Zambia, onse ali mu Science Granting Councils Initiative, imene imalimbikitsa mabungwe otere kuitanira limodzi mapempho a maiko awiri kapena atatu. Edital yotero ikatuluka amapindula ndi amene anadziwana kale. Lemberani mnzanu wa kutsidyako tsopano, mutumizireni tsamba limodzi lija. IIAM, bungwe la boma lofufuza zaulimi, nayo ili ndi malo ake oyesera mbewu ku Ntengo Umodzi, konkuno ku Angónia. Mgwirizano ulembedwe: ndani adzachite chiyani, ndalama zingati zidzapite kwa yani, mayina adzatsatana bwanji pa nkhani yosindikizidwa, deta idzasungidwa kuti. Mbewu, dothi kapena magazi siziwoloka malire m'chikwama. Zimafuna chikalata cha zaumoyo wa zomera kapena pangano losamutsira zoyeza pakati pa mabungwe awiriwo.

Potumiza, musadikire tsiku lomaliza. Malizani kutatsala masiku awiri, chifukwa magetsi ndi intaneti sizilonjeza. Onani ola lotsekera ndi la dziko liti: 17:00 ya ku Brussels ndi 17:00 yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, miyezi inayo ndi 18:00. Pempho la m'Chingerezi lipatseni munthu wochidziwa bwino aliwerenge, ndipo wina wosakhala wa phunziro lanu awerenge chidule chokha n'kukuuzani chimene wamva. Akalephera kubwereza funso lanu m'mawu ake, lembaninso chidulecho.

Ndalama zikabwera, walira mvula walira matope. Sizilowa m'thumba mwanu, zimalowa mu akaunti ya sukulu, ndipo m'sukulu za boma kugula kulikonse kwakukulu kumadutsa ku UGEA, ofesi yoona zogula, ndi ma cotação atatu. Khalani pansi ndi a UGEA ndi a zachuma sabata yoyamba, muwapatse ndandanda ya zogula zonse ndi tsiku limene chilichonse chikufunika. Eni ndalama ambiri amapereka pang'onopang'ono, ndipo gawo lachiwiri silituluka loyamba lisanalongosoledwe. Factura ndi recibo zikhale m'dzina la sukulu ndi NUIT yake. Guia de marcha, kalata ya ulendo wa ntchito, idindidwe kumene mwapita, pofika ndi pochoka. Kumudzi kulibe malisiti, choncho aganyu a m'munda woyesera ndi otsogolera njira alipidwe pa ndandanda yokhala ndi dzina, nambala ya BI, ndalama ndi siginecha, kapena pa M-Pesa ndi e-Mola kumene umboni umatsala. Funsani eni ndalama polemba ngati njira imeneyi akuivomera. Jambulani pepala lililonse tsiku lomwelo, pakuti inki ya malisiti a pa bomba la mafuta imafufutika pakangopita miyezi yochepa. Musasunthe ndalama kuchoka pa mzere wina kupita pa wina popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale chifukwa chake chikhale chomveka bwanji. Mukaona kuti nthawi sikwana, pemphani kuwonjezera miyezi popanda ndalama zina kutatsala miyezi iwiri kapena itatu, osati kontrakiti itatha.

Ndalama zosindikizira zikhale mu bajeti kuyambira pachiyambi, koma chenjerani ndi magazini amene amakulemberani okha pa imelo kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira. Nkhani yotuluka mmenemo imakuchotserani ulemu pamaso pa wounika wotsatira. Fufuzani dzina la magaziniyo mu DOAJ kapena AJOL, mindandanda ya pa intaneti ya magazini a sayansi, ndipo pemphani kuchotseredwa mtengo, chifukwa osindikiza ambiri akuluakulu amachotsera olemba a ku Mozambique. Muikenso mzere wa msonkhano wobweza zotsatira ku distrito ndi kumidzi kumene munafunsa, ndi pepala limodzi la m'Chichewa lonena zimene mwapeza, loti alangizi a SDAE kapena anamwino a pa centro de saúde atsale nalo.

Pempho likakanidwa, pemphani ndemanga za ounika ngati sanatumize. Zigaweni pawiri: zonena kuti njira yanu ili ndi vuto, ndi zoonetsa kuti sanamve chimene munalemba. Zoyambazo zimafuna kusintha kafukufuku, monga kuchulukitsa minda kapena kufotokoza mmene munapezera chiwerengero cha mabanja. Zachiwirizo zimafuna kulembanso ndime. Mukakonza, onani ngati edital yotsatira ya thumba lomwelo ikulola kubwereza pempho, ndipo potumiza kwina sinthani zolinga, bajeti ndi kalendala kuti zigwirizane ndi malamulo a kumeneko.